Mayunitsi a kafukufuku tikulandira, nanga mayi wopanda foni?

Akonzi,

 Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito. Choko ndidachigwira kwa zaka 36, ndipo tsopano ndangokhala pakhomo, kusamala kadimba ndi mbuzi zingapo. Kalata yanga italikirapo, mundikhululukire, poti nkhaniyi yandikhala pamtima kwa miyezi ndithu. Ndikufuna ndilankhulepo za mafunso a zaumoyo amene masiku ano akumabwera pa lamya za m'manja, ndi mayunitsi amene akumalonjeza kwa munthu woyankha.

Nkhani idayamba chonchi. Tsiku lina madzulo ndili pakhonde foni yanga idalira, nambala yake yachilendo. Nditayankha ndidamva mawu a mayi, Chichewa chake chomveka bwino, koma posakhalitsa ndidazindikira kuti ndikulankhula ndi mawu ojambulidwa kale ngati a pa wailesi. Mawuwo adati pali kafukufuku wa zaumoyo, ndipo ndikayankha mafunso onse mpaka kumapeto ndilandira mayunitsi. Atangotchula za mayunitsi ine ndidadula foni pomwepo. Chifukwa chake owerenga onse akuchidziwa. M'mudzi muno tidaonapo mkulu wina wa mpingo, munthu wanzeru zake, akugulitsa matumba awiri a chimanga n'kutumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa amene adamuuza pa foni kuti wapata mphoto koma ayambe walipira msonkho wake. Mpaka lero mphotoyo ikadali m'njira. Kuyambira pamenepo aliyense wondilonjeza chinthu pa foni ndimamuyesa mbala.

Patapita masiku adaimbanso. Apa n'kuti mwana wa mlongo wanga, amene adagwirapo ganyu yofunsa anthu mafunso m'midzi, atandifotokozera kuti kafukufuku wotere alikodi, ndipo chizindikiro chake n'chakuti safunsa nambala yachinsinsi ya ndalama, sapemphanso kuti utumize kanthu. Tsono ndidati ndimvere ndione kumene zithere. Adandifunsa zaka zanga, ngati ndimasuta fodya, ngati ndimamwa mowa, masiku angati pa mulungu amene ndimadya zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndiponso ngati kuchipatala adandiuzapo kuti ndili ndi shuga kapena vuto la kuthamanga kwa magazi. Poyankha umangodina nambala imene akuuza. Zidatenga mphindi ngati 15. M'mawa mwake mayunitsi adalowadi, ndipo ndidaimbira mwana wanga wamkazi amene ali kutauni. Pamenepa ndilibe dandaulo, lonjezo adasunga. Dzina la bungwe lawo ndalisiya dala, poti nkhani yanga ikukhudza onse ochita ntchito imeneyi.

Chimene chandilembetsa kalata chidachitika pakati pa mafunsowo. Atafika pa funso la mchere umene timathira m'ndiwo, ine ndidasowa chonena. Mayi a kunyumba adali pomwepo pamphasa akuswa mtedza. Ndidaphimba foni ndi dzanja n'kunong'ona kuti, "Anaphiri, kodi mchere timathira wochuluka bwanji?" Iwo adandiyang'ana nati, "Abambo, zaka zonsezi mwafunsa lero? Auzeni anthu anuwo aimbire ineyo." Tidaseka. Koma usiku nditagona ndidaona kuti sizidali zoseketsa. Wodwala kuthamanga kwa magazi pakhomo pano ndi iwowo, amene mwezi ndi mwezi amayenda ulendo wa maola awiri kukatenga mankhwala, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Wodziwa za mchere, za mafuta ophikira ndi za utsi wa kukhitchini ndi iwo omwe. Koma foni pakhomo pano idali imodzi, ndipo imagona m'thumba la jekete langa. Kafukufuku uja adalemba za bambo wosasuta, wosamwa, wa magazi oyenda bwino. Mayi wodwalayo sadawerengedwe, ndipo mayunitsi adadya ndine.

Ndisanapitirire ndinene chilungamo kwa ochita kafukufuku, chifukwa si anthu opusa ayi. Kufunsa anthu khomo ndi khomo ndi ntchito yodula. Pamafunika magalimoto, mafuta, malipiro a anyamata ndi atsikana ofunsa mafunso, malo awo ogona, ndiye nyengo ya dzinja milatho n'kukokoloka. N'chifukwa chake kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi mabanja, amene amachititsa a National Statistical Office a ku Zomba, sachitika chaka ndi chaka. Adachitika mu 1992, 2000, 2004, 2010, kenaka 2015 mpaka 2016, ndiye wina mu 2024. Pakati pa zaka zimenezi akuluakulu amayenda ndi ziwerengero zakale, monga mphunzitsi wamkulu wogawa mabuku poyang'ana kaundula wa zaka zisanu zapitazo. Mu 2017 anzathu a ku Zambia adayesa kufunsa anthu pa foni za matenda osapatsirana monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kuno kwathu kafukufuku wa mtundu womwewo adachitika mu 2019. Matenda a Covid-19 atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020 kuyenda m'makomo kudavutiratu, ndipo ofesi ya ku Zomba ija mothandizana ndi a World Bank idayamba kuimbira mabanja oposa 1,700 kufunsa mmene moyo ukuyendera. Foni ndi yotchipa ndiponso yachangu, izi palibe angatsutse.

Vuto lake n'lakuti anthu amadula. Mlendo akafika pakhomo panu, mwamupatsa mpando, mwamulonjera, n'kovuta kumuthamangitsa asanamalize zimene wadzera, mwambo wathu sulola. Pa foni chala chimodzi chokha nkhani yatha. Ena amayamba bwinobwino, akafika funso lachisanu n'kutopa. Pamenepa ndi pamene padachokera nzeru ya mayunitsi.

Kodi nzeruyi imagwiradi ntchito? Mu 2017 akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Johns Hopkins ya ku America, pamodzi ndi anzawo a ku Makerere ku Uganda ndi ena a ku Bangladesh, adaiyesa monga mmene mlangizi wa zaulimi amayesera feteleza pa munda wachitsanzo. Adagawa manambala a foni m'magulu atatu. Gulu loyamba sadalilonjeze kanthu. Lachiwiri adalilonjeza kuti aliyense womaliza mafunso alandira mayunitsi, ku Uganda a mashilingi 5,000, ku Bangladesh a ndalama yawo ya taka 50. Lachitatu adaliuza kuti pachitika mayere, ndipo munthu mmodzi mwa 20 alionse adzapata mayunitsi ochulukirapo. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2022. Ku Uganda, mwa anthu 100 alionse amene foni idawapeza, pafupifupi 41 ndiwo adamaliza mafunso m'gulu lopanda mphatso, 60 m'gulu lolonjezedwa, ndi 55 m'gulu la mayere. Ku Bangladesh adali 28, 39 ndi 37. Choncho wonena kuti mayunitsi sathandiza akutsutsana ndi masamu. Amathandizadi, ndipo m'maiko onse awiri lonjezo lachindunji lidakopa anthu ambiri kuposa mayere.

Ndamvapo abusa ena akunena kuti kupatsa munthu kanthu kuti ayankhe mafunso ndi chiphuphu, chifukwa Mkhristu ayenera kunena zoona mosadikira malipiro. Ndi ulemu wonse, abusa anga, pano tasiyana maganizo. Chiphuphu chimagula yankho limene wolipirayo akufuna. Mayunitsi awa amalowa chimodzimodzi kaya wanena kuti umamwa mowa kaya sumwa. Chimene akulipira ndi nthawi ya munthu ndi moto wa m'foni mwake. Anzathu a m'tauni sadziwa kuti moto wa m'foni kumudzi timagula. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Enafe amene tilibe kasola timatuma mwana kupita nayo foni ku sitolo, kulipira, n'kukaitenga madzulo. Ndiye munthu athe mphindi 15 za moto umenewu, wasiya khasu, wasiya poto pamoto, pamene wofunsayo ndi bwana wake akulandira malipiro pakutha pa mwezi. Kodi amene apereke ntchito yaulere akhale wosauka yekhayo? Thangata adatha kalekale. Ngakhale mwana wa mnzako ukamutuma kuchigayo umamupatsa kanthochi pobwera, ndipo palibe adanenapo kuti wamuhonga.

Kangachepeko kakhale koyenera basi. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mphatso imene idali yaulemu zaka zisanu zapitazo lero ndi yochititsa manyazi. Komanso isakule mpaka munthu wanjala kulephera kukana. Pali mafunso ena owawa, a maliro, a kachilombo, a m'banja, amene munthu ali ndi ufulu wonena kuti toto. Mphatso ikakula kwambiri imasanduka nyambo. Komiti ya boma yoona za kafukufuku wa zaumoyo, ya National Health Sciences Research Committee, ilipo kaamba ka zinthu ngati zimenezi, ndipo ndikuipempha iziyang'ana kuchepa kwa mphatso ndi maso omwewo amene imayang'anira kukula kwake.

Koma za mayere zokhazo ndiye ayi. Tiyeni tichite masamu a Sitandade 5 mongoyerekeza. Kupatsa anthu 20 mashilingi 5,000 aliyense ndi mashilingi 100,000. Kuchita mayere n'kupatsa mmodzi kasanu ndi mashilingi 25,000. Mwaona? Mwini kafukufuku walipira gawo limodzi mwa magawo anayi. Msungichuma aliyense angakopeke nazo, ndipo ndikuopa kuti ndalama za mabungwe zikamachepa ambiri athamangira njira imeneyi. Koma anthu 19 aja agwira ntchito yofanana ndi mnzawo n'kupita opanda kanthu, mayerewo sadawaone akuchitika, ndipo mawa mukaimbanso adzati aja adatinamiza aja. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choipitsitsa n'chakuti mawu akuti "mukhoza kupata mphoto" ndi mawu enieni amene mbala za pa foni zimayambira. Abusa, ansembe ndi mashehe akhala akuchenjeza anthu awo za mbala zimenezi, akulimbananso ndi juga ya mpira imene yalowerera anyamata athu m'misika. Ndiye a zaumoyo abwere ndi chilankhulo chomwecho? Munthu wamba adzasiyanitsa bwanji mbusa ndi fisi ngati onse akuitana nkhosa ndi likhweru limodzi?

Tsopano ndifike pa mutu weniweni wa kalata yanga. Mayunitsi amachulukitsa oyankha, inde, koma amawachulukitsa pakati pa anthu amene foni ali nayo kale. Kalembera wa 2018 adatipeza tili anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse tidali a kumudzi. Mabanja okhala ndi lamya ya m'manja adali pafupifupi 52 mwa 100, ndiye kuti theka la dziko lidalibe. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amuna okhala ndi foni yawoyawo adali pafupifupi 52 mwa 100, pamene amayi adali 33 okha. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, ndikuona ndi maso anga. Koma abusa tachitani ichi: pa msonkhano wa amayi wa Lachinayi funsani amene ali ndi foni yawoyawo, yosabwereka kwa bambo kapena mwana, akweze dzanja. Mukatero mukafunsenso funso lomwelo pa bwalo la bawo. Mudzandiuza.

Izi zikundikumbutsa za kusukulu. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ine ndidali pomwepo, ndikuphunzitsa pansi pa mtengo wa mango, bolodi nditakhomera pa thunthu. Patapita zaka kudabwera phala la m'masukulu, ndipo ana ojomba adachepa ndithu, kaundula adayamba kukongola. Koma ine amene ndinkadziwa midzi yonse yozungulira ndinkadziwanso ana amene phala silidawabweretse: a kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza dzinja lonse, mwana wolumala miyendo amene adalibe womubereka, mtsikana amene adamukwatitsa kale. Phala likadatsekemera chotani, awa sakadabwera, chifukwa chowatsekereza sichidali njala yokha. Oyendera sukulu akabwera ankayamikira kaundula n'kukwera galimoto. Mayunitsi ali ngati phala limenelo. Mungawachulukitse kakhumi, koma agogo a kuseri kwa phiri kumene kulibe netiweki sadzaimva foniyo. Ndipo amene amathamangira kwambiri mayunitsi ndi anyamata odziwa kuwerenga ndi kudina msanga, amene ali kale ochuluka pa mndandanda wa oyankha. Ku Uganda ndi ku Bangladesh komwe kuja, oyankha ambiri adali amuna achinyamata.

Nditamufunsa mwana wa mlongo wanga uja, adati, "Malume, zimenezo akatswiri amazidziwa, ndipo amazikonza ndi masamu." Akuti akaona kuti amayi a kumudzi ayankha ochepa, yankho la mayi mmodzi amaliwerenga ngati la amayi atatu kapena anayi, kuti chithunzi chifanane ndi kalembera. Nzeru yabwino, sindikukana. Koma ndidamufunsa kuti, kodi mayi wa kumudzi amene ali ndi foni yakeyake, yokhala ndi moto, woti angamvere mafunso 20 n'kumadina manambala osasokoneza, ndi ndani? M'mudzi muno ndikhoza kuwatchula: aphunzitsi aakazi awiri, mkazi wa mwini golosale, mlembi wa banki ya m'mudzi, ndi ena ochepa amene ana awo ali ku Johannesburg. Amenewa amadya mosiyana, amapita kuchipatala msanga, sikelo ya ana saphonya. Mukachulukitsa yankho la mphunzitsi wamkazi kanayi mwapeza aphunzitsi anayi. Mayi wamasiye wolima ganyu simunamupezebe. Mnyamatayo adangoti, "Pamenepo mwanena zoona, malume."

Wina angafunse kuti kodi zili ndi kanthu? Zili nako, chifukwa ziwerengero zimenezi ndi zimene akuluakulu amayang'ana pogawa ndalama ndi poitanitsa mankhwala. Taonani chitsanzo ichi. Mu 2009 unduna wa zaumoyo mothandizana ndi bungwe la World Health Organization udayenda m'dziko muno kuyeza anthu a zaka 25 mpaka 64, kuwamanga kachipangizo pamkono. Adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa kuti ali nalo. Foni singamange munthu pamkono. Imangofunsa kuti, kodi adokotala adakuuzanipo? Amene sadayezetsepo chibadwire adina kuti ayi, ndipo sananame. Matenda amenewa ndi aja timangomva kuti uje wagwa kumunda, mbali imodzi yafa, anthu n'kuyamba kulozana zala za ufiti. Tsono ngati bwana wa ku likulu atenga mayankho a pa foni ngati chithunzi cha dziko lonse, adzati vutoli ndi laling'ono, ndipo pa chipatala chathu chaching'ono mankhwala adzabwera ochepa kuposa lero. Wobwerako chimanjamanja adzakhala mayi yemwe uja sadafunsidwe.

Palinso nkhani ya mayankho abodza, koma iyi ndingodutsamo. Pa msika wathu pali mnyamata wotchaja mafoni amene ali ndi makadi a foni atatu, ndipo adandiuza monyadira kuti mafunso akabwera samvera n'komwe, amangodina 1 mpaka mayunitsi alowe. Kuyambira mu 2018 a MACRA adalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, koma munthu mmodzi amatha kulembetsa zingapo. Mphunzitsi aliyense amamudziwa mwana wosankha A kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza, ndipo timamugwira pongoyang'ana pepala. Ochita kafukufuku nawonso azitaya mayankho a munthu amene wamaliza mafunso a mphindi 15 m'mphindi zitatu. Mnyamatayo ndidamudzudzula, poti adali mwana wanga wa Sitandade 7, koma adangoseka nati, "Aphunzitsi, nanga iwowo akundiona?"

Njira zabwino zilipo, ndipo zina zidayesedwa konkuno. Zaka zapitazo a World Bank adali ndi ntchito yotchedwa Listening to Africa, imene idafikanso ku Malawi. Iwo ankayamba ayendera mabanja osankhidwa mwamayere m'midzi ndi m'matauni, n'kuwapatsa foni ndi kasola kotchajira, ndiye n'kumawaimbira pambuyo pake. Pamenepo mphatso idalunjika pa vuto lenileni, chifukwa wopanda foni adaipeza. Kafukufuku wa nthawi ya Covid-19 uja naye adagwiritsa ntchito mabanja amene adawayendera kale mu 2019, anthu odziwana nawo nkhope. A bungwe la Institute of Public Opinion and Research a ku Zomba adayesapo kufunsa anthu pa foni za maliro a m'banja mwawo, wofunsayo ali munthu wamoyo wodziwa kupepesa, ndipo anthu ambiri adavomera kuyankha. Munthu wamoyo angathenso kunena kuti, "Zikomo bambo, tsopano tapatsirani mayi foniyo," n'kuimbanso nthawi ina ngati mayi ali kuchitsime. Mawu ojambulidwa sangatero. Zoona, njira zimenezi n'zodulirapo. Koma ndalama zimene zikanapita ku mphoto za mayere bwanji osazigwiritsa ntchito pamenepa?

Ndipo mayi akalandira foniyo, wofunsa ayambe wafunsa ngati ali payekha. Pali zinthu zimene mayi sanganene bambo ataima pambali kudikira foni yawo, monga za kulera kapena za nkhanza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, koma lamulolo silingatseke makutu a munthu amene wakhala pakhonde pomwepo.

Chinthu china chimene sichifuna ndalama zambiri ndi kulengeza. Chipatala Cha Pa Foni chitayamba ku Balaka mu 2011, anthu adachikhulupirira chifukwa nambala yake ya 54747 inkalengezedwa poyera, alangizi a zaumoyo ankaitchula ku sikelo, aliyense ankadziwa mwini wake. Ofunsa mafunso achitenso chimodzimodzi. Mulungu umodzi kapena iwiri asanayambe kuimba, anene pa wailesi nambala imene adzaimbire, alembere a DC, uthenga utsike kwa mafumu, kwa alangizi a zaumoyo ndi ku mipingo. Tisaiwale zimene zidachitika ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa. Kumudzi chinthu chobwera mwakachetechete, chofunsa za magazi, n'kulonjezanso mphatso, sichichedwa kumera miyendo. Ine ndemwe, munthu wowerenga nyuzi, ndidadula foni ulendo woyamba. Mayunitsi adandithawitsa, chidandibweza ndi mawu a m'bale wanga amene ndimamukhulupirira.

Kwa inu abusa, ansembe, akatekisiti, mashehe ndi akulu a mpingo, pempho langa ndi ili. Kalata yotere ikakufikani, iwerengeni pa zolengeza monga mumachitira ndi za katemera. Uzani anthu kuti wa kafukufuku weniweni safunsa nambala yachinsinsi ndipo sapempha ndalama. Auzeni kuti kukana n'kololedwa, koma akavomera anene zoona, ngakhale zoonazo zili zakuti amalawako kachasu, poti wofunsayo si mkulu wa mpingo ndipo sadzakawanenera ku bwalo la mpingo. Mafumu nawo asauze anthu choyankha poganiza kuti mudzi ukaoneka wosauka kwambiri kubwera thandizo. Zimenezi tidaziona nthawi ya kalembera wa makuponi, ndipo zidangodanitsa anthu. Ndipo kwa abambo anzanga, wofunsa akapempha mayi, perekani foni n'kupita kukaona mbuzi kukhola. Mayunitsi akalowa, ndi a mayiwo.

Akonzi, ine mwezi watha ndidagulitsa mbuzi imodzi n'kuwagulira Anaphiri kafoni ka mabatani, ndipo adzukulu awaphunzitsa kudina manambala. Amakasunga m'kathumba ka nsalu pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, akuti akudikira mayi wa mafunso uja kuti amuuze bwinobwino za mchere. Mpaka pamene ndikulemba kalatayi a kafukufuku sanaimbe. Amene aimba kale kawiri ndi aja onena kuti apata mphoto.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.